Sukulu ya pansi pa nimu

Pamaliro a Abusa athu a Baptist mbiri yawo inawerengedwa mothamanga. Dzuwa linali litafika kale pamutu, anthu akukanganirana timithunzi, ndipo adzukulu anali atatumiza mawu kuti kumanda ntchito yatha. Wowerengayo anatchula chaka chimene anabadwa, mipingo imene anatumikira, masatifiketi awo, ana ndi zidzukulu zimene asiya. Palibe chimene ananama. Komabe ife amene tinkakhala pamabenchi a kalasi yawo kuno kuchigwa cha Shire tinabwerako mitima isanakhutire, chifukwa ntchito imene iwo ankaikonda koposa inangotchulidwa m'mawu ochepa, akuti analinso mphunzitsi wa atsogoleri. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa ine. Dzina lawo sindilitchula, popeza banja lidakali pachisoni ndipo sindinapemphe chilolezo. A ku Ngabu, a ku Bangula ndi a ku Nsanje adziwa amene ndikunena.

Anatisiya Lachinayi, m'kati mwa Okutobala, nyengo ija imene kuno ngakhale mbuzi zimaleka kudya masana n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. M'mawa anaphunzitsa monga mwa masiku onse. Masana anadya nsima ya mapira ndi makakana pamodzi ndi ophunzira awo, kenako anati mutu ukuwawa, agoneko pang'ono pamkeka. Powadzutsa kuti phunziro lamadzulo liyambe, anapeza pakamwa patapotoka, mawu sakumveka, dzanja limodzi lili lende. Anathamangira nawo kuchipatala pa galimoto yamatola. Madokotala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga kwambiri mpaka mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo anawatumiza ku Blantyre. Ambulansi isanamalize kukwera mapiri a ku Thabwa, Abusa anali atapita. Zaka 60 anali asanakwanitse. Lamulungu lapitalo analalikira chiimirire ola lathunthu, kenako n'kukaona odwala m'mudzi.

Ine uthenga unandipeza ndili m'kalasi ndi ana a Sitandade 6. Kumaliro kunabwera anthu amene sindinaganize kuti amawadziwa Abusa: ena anaoloka Shire pabwato kuchokera ku East Bank, ena anachokera kutsidya kwa malire a Marka, kunali a CCAP, a Katolika, a Africa Evangelical, ndi shehe wa pamsika amene anakhala pansi pamodzi ndi madikoni usiku wonse.

Anabadwira kutsidya kwa Shire. Ali mnyamata anagwirako ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kampani ikutchedwabe SUCOMA. Ankatiuza kuti Baibulo anayamba kuliphunzira kudzera m'makalata, maphunziro aja a Bible Way amene a Baptist ankatumiza papositi: uyankhe mafunso, utumize, udikire milungu kuti pepala libwere litachongedwa. Mwina n'chifukwa chake sankapeputsa munthu wophunzirira kutali ndi sukulu. Pambuyo pake mpingo unawatumiza ku Lilongwe, kuseminale ya Baptist, ndipo atakhoza bwino anapitiriza maphunziro mpaka iwo eni anayamba kuphunzitsa abusa. Mwayi wokhazikika m'tauni unalipo. Anzawo ambiri amene anakwera mtunda sanabwererenso, ndipo sindiwaweruza. Kutentha kwa kuno, udzudzu ndi chopereka cha mipingo yathu si zinthu zokopa munthu amene ali ndi ana pasukulu. Iwo anasankha moyo wa pamsewu, kumtunda akaphunzitse, kuchigwa atsike adzaphunzitsenso.

Amene si a Baptist mwina sangamvetse chifukwa chake nkhani yophunzitsa atsogoleri ili yaikulu chonchi kwa ife. Ife tilibe bishopu kapena sinodi yoti itumize mbusa pampingo n'kumamulipira. Mpingo uliwonse umadziimira pawokha: umasankha atsogoleri ake pamsonkhano wa mpingo, umaitana mbusa wake, umamusamala ndi zimene uli nazo. Konvenshoni, bungwe la mipingo yathu m'dziko lonse, ndi asosiyeshoni, ya mipingo ya m'dera limodzi, zimatigwirizanitsa, koma sizilamula. Ufulu umenewu ndi wokoma, koma kuno kuchigwa uli ndi zovuta zake. Mipingo ndi yambiri ndiponso ing'onoing'ono, ina yofolera udzu, ina yokumana pansi pa mtengo. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mipingo inaphuka m'misasa ya othawa kwawo ngati mbewu za m'dimba madzi akaphwera, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ena anabwerera nayo kwawo, ina inatsala kuno. Abusa odzozedwa ndi ochepa. Mbusa mmodzi amayang'anira mipingo ingapo yotalikirana, n'kumafikako pa ubatizo, pa Mgonero wa Ambuye kapena pa ukwati. Amene amaima kutsogolo Lamulungu lililonse ndi mlimi wa thonje, msodzi, wakabaza, ndipo ambiri a iwo sukulu analekezera kupulayimale. Zimene anthu a m'mudzi amamva zokhudza Mulungu zimatuluka pakamwa pa anthu amenewa. Abusa anaona zimenezi msanga, ndipo mphamvu zawo zonse anazithera pamenepo.

Kalasi inkakumana masiku angapo, kenako n'kupuma miyezi, motsata ntchito za kumunda. Nthawi yobzala kapena yotola thonje sankaitana anthu. Aliyense ankabwera ndi ufa wake, wina nkhuni, wina nsomba zouma, wina khobwe. Abambo ankagona m'tchalitchi, ife amayi kunyumba kwa dikoni wapafupi. Phunziro linkayamba kusanache bwino, chifukwa ikamakwana 10 koloko m'tchalitchi cha malata simukhalikanso, ndipo tinkatulutsa mabenchi kupita nawo pansi pa nimu. Bolodi ankalimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Pa nkhani yosunga nthawi anali okhwima, mwina mopitirira. Wochedwa ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi, mpaka munthu wamkulu ndi imvi zake n'kuyamba kupepesa asanafunsidwe.

Chimene ankaphunzitsa n'chosavuta kuchinena, koma kuti uchizolowere pamafunika nthawi. Usanalalikire ndime, werenga zimene zili pamwamba pake ndi zimene zili pansi pake. Akulankhula ndani? Akulankhula kwa yani? Chinachitika n'chiyani kuti alankhule choncho? Ukawafunsa tanthauzo la ndime sankakuyankha msanga. Ankati, "Tsegulani, achimwene, tiwerenge limodzi. Yambirani pamwambapo." Ambiri a ife tinakulira pa Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndipo muli mawu amene mwana wa lero, makamaka wolankhula Chisena kunyumba, sawadziwa. Iwo ankanyamulanso Buku Loyera la mu 1998, n'kutiwerengetsa onse awiri, kenako n'kuloza wina kuti afotokoze m'Chisena kapena m'Chimang'anja monga angauzire agogo ake. Ukalephera kufotokozera agogo ako, ankatero, ndiye kuti iwenso sunamve. Osadziwa kuwerenga sankawabweza. Ankawauza kuti abwere ndi mdzukulu wa pasukulu woti aziwawerengera, ndipo madala ena otere ankaloweza machaputala athunthu kutiposa ife odziwa zilembo.

Tsiku lina tinali pa Luka 5, paja Yesu anauza Simoni kuti akankhire ngalawa kwakuya naponye makoka, Simoni n'kuyankha kuti agwira ntchito usiku wonse osakola kanthu. Abusa anafotokoza za kumvera. Mkulu wina wa kudambo la Ndindi, msodzi chibadwire, anakweza dzanja. Anati, "Abusa, mwadumpha. Lemba likuti anali kutsuka makoka. Inu simunatsukepo khoka. Munthu akatsuka khoka ndiye kuti wamaliza, msana ukuwawa, zinyalala zonse wachotsa. Kumuuza kuti aliponyenso m'madzi dzuwa litatuluka ndi kumuuza kuti ayambirenso ntchito yonse, pa mawu a mmisiri wa matabwa amene nsomba sazidziwa." Abusa anavula magalasi, anakhala chete, kenako anati, "Bambo, bwerezani pang'onopang'ono ndilembe." Analembadi m'kope mwawo. Patapita nthawi, mbusa wina wachinyamata amene anaphunzira ku Lilongwe anandiuza kuti mfundo imeneyi anaimva m'kalasi kumeneko, ndipo Abusa ananena poyera kuti anaiphunzira kwa msodzi wa ku Nsanje. Inenso ndine mphunzitsi, aphunzitsi ndawaona ambiri, ndipo ndikudziwa kuti mtima wotere ndi wosowa.

Ine m'kalasimo ndinalowera kukhitchini. Amayi a Umodzi, gulu la amayi a mumpingo wathu, tinkasinthana kuphikira ophunzira, ndipo ndikamaliza kupakula ndinkakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Abusa anandiona. Anati, "Aphunzitsi, senderani kutsogolo kuno, mutiwerengere." Nditawerenga anandifunsa zimene ndamva, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linalowa m'kaundula. Abambo ena sanakondwe nazo. Abusa sanawakalipire, ndiponso ndime zovutazo sanazibise. Tinawerenga 1 Timoteo 2 yonse. Tinawerenga za Priskila amene pamodzi ndi mwamuna wake Akula anawongolera Apolo pa Machitidwe 18, za Febe pa Aroma 16, za ana aakazi a Filipo amene ankanenera. Tinatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Pamapeto anati nkhani yoti mayi alalikire kapena ayi mpingo uliwonse ukaikambirane pamsonkhano wake, monga mwa mwambo wathu, koma pakhomo pa kalasi yawo palibe amene angabwezepo mayi. Si onse anasintha maganizo, ndipo mpaka lero kuli mipingo kumene sindingaime paguwa. Koma chaka chotsatira amayi m'kalasi tinachuluka, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene akuyendetsa Sande sukulu ndi maphunziro a ofuna kubatizidwa m'midzi mwawo.

Pa ubatizo ankachedwa dala. Ife timabatiza munthu amene wakhulupirira yekha, pomumiza m'madzi, ndipo atsogoleri ena ankafuna chiwerengero chachikulu choti akatchule kumsonkhano wa pachaka. Abusa ankakhala pansi ndi aliyense payekha, n'kumufunsa chimene wamva ndi chimene akufuna. Malo obatizirapo ankakayendera okha dzulo lake, chifukwa mu Shire muli ng'ona, ndipo sankalola kuti changu cha mtsogoleri chilowetse anthu m'madzi osadziwika.

Mbiri ya mpingo ankaiphunzitsa kuyambira pa mtsinje wathu womwewu. David Livingstone anakwera Shire mu 1859. Amakololo amene ankayenda naye anatsala ku Chikwawa, ndipo maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya akuchokera kumeneko. Bishopu Mackenzie anafa ndi malungo mu 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire ku Chiromo. Nthawi imene mmishonale Joseph Booth anafika mu 1892, ndi pamene John Chilembwe anabwerako ku America kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, khomo lolowera m'dziko muno linali sitima zapamadzi za mu Zambezi ndi Shire. Amishonale a Southern Baptist anafika mu 1959, ndipo Baptist Convention of Malawi inakhazikitsidwa mu 1970. Akatha kutchula zonsezi ankatifunsa kuti, nanga sukulu zazikulu za mishoni zinamangidwa kuti? Ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Nkhoma, ku Malamulo. Ngakhale mishoni ya Chididi, ya kwathu konkuno ku Nsanje, ili pamwamba pa mapiri. Azungu ankathawa malungo ndi kutentha, ndipo n'zomveka, koma mapeto ake chigwa chinangokhala njira yodutsamo, maphunziro n'kukhazikika kumtunda. Sankanena izi modandaula. Ankafuna tidziwe chifukwa chake bolodi liyenera kutsika phiri pa njinga.

Za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ankazikambanso popanda kunyoza. Iwo anali a Baptist enieni, sankasakaniza, koma ankati mlaliki wa ku Nsanje amene sadziwa chimene makolo ake ankakapempha kumeneko, mvula, chakudya, mtendere wa dziko, adzakhala akuyankha mafunso amene anthu sanafunse. Amene sankawanyengerera ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, makamaka aja ouza odwala kuti ataye ma ARV poti achira. Pamenepo mawu awo ankakwera. Ankatitsegulitsa Machitidwe 8 za Simoni amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndi Machitidwe 17 za anthu a ku Bereya amene ankafufuza m'malemba ngati zimene Paulo akunena zili zoona. Ngati Paulo ankamufufuza, ankatero, nanga ine ndi mneneri wa pawailesi ndife ndani? Mankhwala imwani, kupemphera pempherani.

Koma kumene ndinawadziwira bwino Abusa ndi pa nthawi za madzi. Mu Januwale 2015 mitsinje ya Shire ndi Ruo inasefukira, dera la Makhanga linasanduka chilumba, anthu n'kumapulumutsidwa pa mabwato ndi mahelikoputala. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 wa Ana, amene anawononga ndi malo opangira magetsi a Kapichira omwe, ndipo mu Malichi 2023 wa Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Nthawi zonsezi zipinda zophunziriramo zinkasanduka msasa. Ndipo pambuyo pa matumba a ufa ndi zidebe kunkabweranso alaliki ndi zimkuzamawu zawo, kudzauza anthu ogona pasimenti ndi ana awo kuti madziwa ndi chilango: a kuchigwa mwachuluka ufiti, mwachuluka chigololo, lapani. Ndinaona mayi wina amene madzi anamulanda mwana kumsana akumvetsera ulaliki wotere, nkhope ili pansi.

Lamulungu lotsatira Abusa anaima pabwalo la msasawo natsegula Luka 13. Anawerenga za Agalileya amene Pilato anawapha, za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndi funso la Yesu ngati anthu amenewo anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Yesu anayankha yekha kuti iyayi. Mbali yotsatira, yakuti tonse tiyenera kutembenuka mtima, sanaidumphe. Koma anati "tonse" ameneyo ndi wa ku Nsanje, wa ku Blantyre, wa ku Lilongwe, ndi mlaliki yemwe. Atatseka buku anapita kukakhala pansi pafupi ndi mayi uja, osanenanso kanthu. M'kalasi ankakonda kutikumbutsa kuti abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete, ndipo zinthu zinalakwika atayamba kufotokoza chifukwa chake Yobu akuvutika.

Sankalekera paguwa. Ankafuna atsogoleri adziwe kumene madzi amachokera: mvula yogwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mwanza, mapiri amene mitengo yake inathera kumakala, mchenga umene wadzaza mitsinje mpaka madzi akusowa njira n'kudzipangira ina m'midzi. Zosamukira kumtunda ankazilimbikitsa, koma ankapsa mtima akamva anthu a m'tauni akunena kuti a kuchigwa ndi osamva, amangofuna zaulere. Ankadziwa chimene chimamugwira munthu m'mphepete mwa mtsinje: dimba lobereka chimanga, mbatata ndi nyemba ngakhale m'chilimwe, nsomba, manda a makolo. Ankadziwanso kuti kumtunda kumene munthuyo akuuzidwa kuti apite malo ali ndi eni ake, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Ankatsagana ndi atsogoleri kwa mafumu kukapempha malo, chipewa chili m'manja.

Phunziro limene ankalibwereza chaka ndi chaka linali la maliro. Mtsogoleri wa mpingo wa kumudzi amaika anthu ambiri m'manda kuposa amene amawakwatitsa, ndipo Abusa ankafuna tidziwe chochita pasiwa, osati paguwa pokha. Ankakamba mosabisa za kulowa kufa, kumene ena amati kupita kufa, mwambo wokakamiza mkazi wamasiye kugona ndi mwamuna wina kuti akuti mudzi uyere, ndi mmene unafalitsira kachilombo ka HIV kuno. Ankakambanso za kulanda chuma, ndipo ankafuna mtsogoleri aliyense adziwe kuti kuyambira mu 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene likuti kulanda ndi mlandu. Malangizo awo anali akuti musadikire kumanda. Khalani pansi ndi akuluakulu a banja usiku wa maliro, mwaulemu, mfumu ilipo, ndipo wamasiye asakhale yekha. Ndikudziwa amayi amene lero akugona m'nyumba zawo, mbuzi zawo zili m'khola, chifukwa mtsogoleri wina wa mpingo, wosauka ngati iwo omwe, anachezera pamkeka kukambirana ndi achibale a malemu.

Ndafika pa chimene chandilembetsa kwenikweni. Maliro asanatuluke n'komwe m'nyumba, manong'onong'o anali atayamba. Akuti munthu sangafe choncho, atadya nsima bwinobwino masana. Ena akutchula mkangano wa malo a tchalitchi wa chaka chatha. Ena akutchula mtsogoleri amene Abusa anamudzudzula pa nkhani ya ndalama. Ena afika potchula gogo wina wosauka amene anawapatsa moni m'mawa wa tsikulo. Ndipo ena mwa onong'onawo ndi anthu amene tinkakhala nawo limodzi pansi pa nimu. Zimenezi zikundiwawa mumtima. Kuno tikudziwa kumene mawu otere amathera: nyumba kutenthedwa, nkhalamba kuthamangitsidwa m'mudzi, mwinanso kugendedwa. Abale anga, munthu amene anatha zaka zake akutiletsa kuloza chala pa tsoka, imfa yake isakhale pothawira pathu kukaloza chala munthu wosalakwa.

Abusa anali ndi BP. Amayi busa ananena okha pasiwa, anthu akumva. Anawapeza nayo zaka zapitazo, ndipo mankhwala ankamwa, koma akathera paulendo wa m'midzi ankati akatenga akabwerera. Matenda amenewa munthu amayenda nawo osamva kupweteka mpaka tsiku limene amugwetsa. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala, njinga yamoto m'misewu ya fumbi, kuchezera pamaliro, ndi khalidwe lawo losatha kukana akaitanidwa. Apa ndi pamene ndikuwadandaula Abusa, pakuti mphunzitsi wanzeru chotere thupi lake sanalimvere. Koma mipingo yathu nayonso iziyang'ane. Mbusa timamuitana paliponse, pa chinkhoswe, pa mlandu wa banja, pa kutsegulira tchalitchi, koma sindinamvepo msonkhano wa mpingo ukukamba zoti abusa apume mwezi umodzi, kapena zowapatsa ya basi kuti akayezetse magazi ndi kutenga mankhwala. Alipo abusa ena pakati pathu amene akuyenda ndi matenda omwewa, ndipo madikoni awo akudziwa.

Funso lakuti chifukwa chiyani tsopano, kalasi ili pakati, mwana wawo womaliza ali kusekondale, inenso ndili nalo, ndipo ndalira nalo. Abusa anatiphunzitsa kuti funso lotere tizipita nalo kwa Mulungu, mosabisa mawu, monga amachitira olemba Masalimo. Pakhomo pa mnansi si popita nalo.

Palinso nkhani ya Amayi busa. Nyumba imene akukhalamo ndi ya mpingo, ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira: pakapita miyezi, mpingo ukaitana mbusa wina, mayi amene anaphikira alendo a mpingo zaka zonsezi amauzidwa kuti alongedze. Abusa analibe penshoni. Ndalama zimene akanamangira nyumba yawo zinathera pa mafuta a njinga, pa makope ndi pa Mabaibulo a ophunzira osauka, ndipo ena a ife Baibulo limene tili nalo m'nyumba linachokera m'thumba mwawo. Ndikupempha madikoni ndi akuluakulu a asosiyeshoni kuti nkhaniyi ikambidwe poyera, Amayi alipo, musanayambe kukamba za wolowa m'malo. Njerwa tikhoza kuumba tokha, amisiri tili nawo m'mipingo momwemu, chotsala ndi malata ndi simenti. Zimene anatiphunzitsa kuchitira amasiye a ena, tiyambe kuzichita pakhomo pawo.

Sabata yatha ena a ife tinakumana kukambirana za kalasi, ndipo tagwirizana kuti ipitirire. Tidikira anthu abzale ndi kupalira, kenako tiitana monga ankachitira. Atsogoleri amene anakhala nawo nthawi yaitali agawana maphunziro, wina Chipangano Chakale, wina kalalikidwe, wina za maliro ndi maukwati. Ine andipatsa Uthenga wa Luka, ndipo ndavomera ngakhale mantha alipo. Amayi busa atipatsa katoni ya makope a Abusa, olembedwa pamanja, ena ananyowa ndi madzi a Freddy mpaka inki kuyenderera. Muli ndondomeko za maphunziro, mafunso amene ophunzira ankafunsa, ndi mayankho amene iwo anakawapeza pambuyo pake. Tikufuna munthu wodziwa kompyuta woti atithandize kuwataipa asanawonongeke, kuti mpingo uliwonse ukhale ndi kope lake.

Ndipo kwa inu abusa amene munadutsa m'manja mwawo ku Lilongwe, pakuti ndikudziwa kuti ena mumawerenga zimene ndimalemba: tikufuna mmodzi kapena awiri oti azitsika kuno ngakhale kawiri pachaka. Malipiro tilibe. Nsima, nsomba ndi pogona tidzakupatsani, ndipo wakabaza adzakuchingamirani pasiteji ya Ngabu kapena ya Bangula. Amene mukuopa kutentha, bwerani mu Juni kapena mu Julayi.